Mawu Amene Ndinawadumpha M'buku la Lole ya Asilikali

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu, ndili Sitandade 7, pamene bambo anga anagula lole ya asilikali. Munali chapakati pa zaka za m'ma 1990, boma litangosintha, makampani akuchotsa anthu ntchito mwezi ndi mwezi. Adada, monga tinkawaitanira potsata kwathu ku Rumphi ngakhale tonse tinabadwira ku Kawale, anali dalaivala pa kampani ina kuyambira ine ndisanabadwe. Atapatsidwa kalata ndi kandalama kopumira, sanatsegule okala kapena kugula malata monga anachitira anzawo. Anapita ku okushoni kumene asilikali ankagulitsa magalimoto otha ntchito, n'kubwerako ndi chilole chobiriwira, cha matayala ofika m'chifuwa mwanga, chochita kukokedwa ndi tcheni chifukwa sichinkalira.

Sikuti anali atapenga ayi. Anali atagwirizana kale ndi alimi a fodya a ku Mitundu, kumene misewu inkakanika malole wamba mvula ikangotha kumene. Lole ya asilikali imakoka ndi matayala onse, matope siiwaona ngati kanthu. Alimiwo anati ikayenda pofika Epulo, mabelo awo onse adzanyamula ndi Adada kupita nawo kumsika wa fodya ku Kanengo. Ndalama yonse ya pakhomo inali italowa m'chitsulo chimenecho. Amama anangochiyang'ana, n'kuyang'ana ife ana asanu, n'kulowa m'nyumba.

Pa okushoni pomwepo panalinso a Zakeyu, makaniko wa ku Biwi, munthu wamfupi wa chifuwa chotambalala, wokonda kuseka mawu ake omwe asanamalize kuwanena. Iwonso anagula lole ya mtundu womwewo. Anauza Adada kuti aikokere yathu ku galaja yawo, aikonza ngati ya m'bale wawo. Inakhala kumeneko masabata atatu.

Loweruka lina Amama anandituma kukapereka tiyi ndi chinangwa kwa Adada ku Biwi. Ndinapeza lole ya a Zakeyu ikulira, utsi uli tolotolo, anthu ataizungulira. Yathu inali chete pakona, boneti ili yasa. Adada anali ataima pambali pake, nkhope itagwa.

"A Zakeyu," anatero mofatsa, "pampu ya dizilo iyi si imene inali pa lole yanga. Yanga inali ndi penti yachikasu pamutu. Iyi ndi yong'aluka."

A Zakeyu anapukuta manja pa ovolosi, n'kutembenukira kwa anthu aja, osati kwa Adada.

"Mwamva? Dalaivala akundiphunzitsa pampu. A Msiska, inu ntchito yanu ndi chiwongolero ndi hutala basi. Munagula khola la nkhuku, ndiye kaikenimo nkhuku. Zikakuvutani likokereni kwanu kumpoto, akazisungiramo mapira."

Anthu anaseka. Penti yachikasu ija ndinaiona ndi maso angawa, ili phee pa injini ya lole yawo. Ndinadikira kuti Adada achite kanthu, anyamule sipanala, atukwane, kaya aitane apolisi. Iwo anavula chipewa, n'kunena kuti, "Zikomo, ndamva." Anali mkulu wa mpingo, ndipo ukulu wawowo tsiku limenelo unandinyansa. Tiyi uja tinabwerera naye osamwedwa. Njira yonse ndinkalumira mano, ndipo ndinalumbira mumtima kuti munthu ameneyu tsiku lina adzagwa pansi ine ndikuona.

Lole inabwerera pakhomo pathu ndi tcheni chomwe chija. Adada anaganiza zoikonza okha, koma galimotoyo inali yosiyana ndi zonse zimene anayendetsapo. Mapaipi ake ankapita kumene sankayembekeza, mawaya ake anali amtundu umodzi okhaokha. Aliyense amene anamufunsa ankati pamafunika buku lake. Anapita kumene kunachitikira okushoni, anawauza kuti mabuku sagulitsa. Anayenda m'masitolo a mabuku m'tauni, anafunsa kwa ogulitsa mabuku akale m'mbali mwa msewu, anafika mpaka ku Likuni kwa bambo wina amene ankati anali msilikali, koma anakapeza kuti anali wophika. Januwale anatha, mvula ikugwa, udzu ukumera pansi pa lole. Ana a m'dera lathu anayamba kuitcha khola la a Msiska, chifukwa mawu oipa sachedwa kuyenda kuchoka ku Biwi kufika ku Kawale.

Buku lija ndinalipeza ndine, ndipo ndinalipeza chifukwa cha dyera. Pa geti ya sukulu yathu pankakhala mayi wina wogulitsa zitumbuwa, wochokera ku Kaliyeka. Tsiku lina nditadya chitumbuwa changa, ndinati nditaye pepala lokulungira, ndinaona chithunzi. Mafuta anali atalowerera mpaka pepalalo kumaonekera kuseri, koma sindikanasokoneza: nyale ziwiri zotchingidwa ndi waya, chibampala chokhala ndi ngowe, mphuno yafulati ija. Inali lole yathu, yojambulidwa ndi timizere tolozera chiwalo chilichonse, pali manambala.

Ndinajomba masamu tsiku limenelo. Ndinatola mapepala onse amene anzanga anataya pabwalo, ena opondedwa m'matope, kenako ndinadikira mayiyo mpaka anaweruka, n'kuwanyamulira beseni mpaka kwawo. Anali amasiye. Amuna awo anali makaniko wa asilikali, ndipo anasiya thiranki ya mabuku imene mayiwo ankang'ambamo pang'onopang'ono. Limene ndinkafuna linali lonenepa ngati Baibulo la pa guwa, chikuto chake cholimba, masamba oyambirira atapita kale ndi zitumbuwa, m'mphepete chiswe chitalawako. Nditawapempha anaseka.

"Mwanawe, kwa ine pepala ndi pepala, bola likulunge. Undibweretsere ena, utenge lakolo."

Mawa lake ndinawasenzera makope anga onse akale ndi mulu wa nyuzi za Adada. Nditafika nalo bukulo kunyumba, Adada analitsegula ali chiimire, anatembenuza masamba atatu, n'kukhala nalo pansi pakhonde. Linkanunkha mafuta ophikira ndi nkhungu.

Kulipeza kunali kosavuta poyerekeza ndi kulimva. Chizungu chake sichinali cha kusukulu. Adada ankadziwa chitsulo koma Chizungu chawo chinali cha pamsewu, chongokwanira kulankhula ndi bwana. Ine ndinkadziwa kuwerenga koma sindinkasiyanitsa nati ndi bawuti. Ndiye tinagawana. Ndikaweruka kusukulu, iwo ankagona chagada pa chiguduli pansi pa lole, ine n'kukhala pa njerwa, buku pamiyendo, dikishonale ya sukulu pambali. Ndinkawerenga mzere, n'kuumasulira mmene ndikanathera, iwo n'kumapapasa mpaka dzanja lipeze chimene ndikunena. Nthawi zina tinkatha masana onse pa chiganizo chimodzi, ine ndikuumirira kuti buku likuti kumanzere, iwo akuti kumanzere kulibe kanthu, mpaka tinazindikira kuti bukulo limawerengera manzere ngati munthu wakhala pa mpando wa dalaivala. Sindinakhalepo pafupi ndi bambo anga ngati miyezi imeneyo.

M'bukumo munali mawu ena otsekeredwa m'timabokosi ta mizere yakuda. Adada anandiikira lamulo loti ndikafika pa kabokosi ndiziwerenga kawiri. Ankati wolemba sangawononge inki kujambula bokosi pachabe, pamenepo ndiye kuti wina anapwetekapo kale.

Kabokosi kamene kanatidabwitsa tonse kanali ka matayala. Tayala la lole wamba limakhala ndi mzere umodzi wa manati. La lole iyi linali ndi mizere iwiri. Mzere wam'kati ndiwo unkagwiriza tayala ku galimoto. Mzere wakunja unkamanga limu, chitsulo cha pakati pa tayala, chimene pa lole iyi chinali zidutswa ziwiri zovundikirana ngati mbale. Bukulo linkati manati akunjawo ndi opakidwa penti yofiira, ndipo munthu asayerekeze kuwamasula mpweya usanachotsedwe wonse m'tayala, chifukwa zidutswazo zimalekana mwamphamvu yoti n'kupha munthu. Pa lole yathu panalibe chofiira chilichonse. Asilikali anali atapakapo zobiriwira kangapo, dzimbiri n'kumalizitsa. Adada anapala nati imodzi ndi mpeni, kufiira kuja n'kuonekera pansi, ndipo anaimba kamluzu kotsitsa.

Amama anagulitsa makina awo osokera. Ndi nambala imene tinaipeza m'buku, Adada anasakasaka kwa ogulitsa zitsulo zakale mpaka anapeza pampu ina. Pakati pa Malichi lole inatsokomola, inatsokomolanso, kenako inalira mpaka mawindo a nyumba yathu kunjenjemera. Amama anatuluka ndi ufa m'manja, akuseka ndi misozi. Alimi a ku Mitundu anatumiza uthenga kuti mabelo akhala okonzeka pakatha masabata atatu.

Lamulungu lotsatira, titangobwera kutchalitchi, tinapeza a Zakeyu atakhala pakhonde pathu, paketi ya shuga ili pamwendo. Mabuleki a lole yawo anali atagwira, ndipo anali atawalephera. Anamva kuti tili ndi buku. Za pampu sanatchule, za khola la nkhuku sanatchule, ankangoseka n'kumati a Msiska ndinu munthu wa Mulungu. Manyazi munthu uja analibe ngakhale a m'chikhadabo.

Adada analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi buku. Anawonjeza kuti popeza Chizungu chake n'chovuta, mwana wawo Wezi apita mawa akaweruka kusukulu kukawawerengera. Wezi ndine.

Mlendo atachoka ndinalankhula mmene ndinali ndisanalankhulirepo kwa bambo anga.

"Adada, munthu ameneyu anakuberani."

"Ndikudziwa."

"Anakutukwanani pamaso pa anthu. Amama alibe makina chifukwa cha iyeyu."

"Ndikudziwa, mwana wanga. Upita mawa."

Ndinapita. Dzuwa linali litapendeka koma kunkatenthabe, fungo la dizilo ndi matayala owotcha lili ponseponse, wayilesi ikulira pa galaja yoyandikana. Antchito awo anali pa minibasi ina kutsogolo, ndipo lole ija a Zakeyu ankafuna kuigwira okha. Anali ataikweza kale pa jeke. Kuti afike pa mabuleki ankayenera kuchotsa tayala lakumbuyo, ndipo anali asanachotsepo tayala pa lole imeneyo chiigulireni. Anandiikira chigubu choti ndikhalepo, n'kunditcha aphunzitsi.

Ndinatsegula tsamba la matayala, limene ndinkalidziwa ngati Pemphero la Ambuye. Ndinawerenga za kuika miyala kutsogolo kwa matayala enawo. Ndinawerenga za jeke. Chala changa chinafika pa kabokosi kaja, n'kuima. Ndinayang'ana injini ya lole yawo, boneti inali yotsegula, penti yachikasu ija ikuonekabe. Chala chinadumpha bokosi, n'kukatera pa mzere wapansi pake, umene unkangoti masulani manati ndi kuchotsa tayala.

A Zakeyu ananjuta pa tayalapo, akuyendetsa chala pa mizere iwiri ija.

"Manatiwa achulukirenji chonchi? Asilikali ndi anthu owononga zitsulo. Buku silikunenapo china apa, aphunzitsi?"

"Palibe," ndinatero.

Anayamba ndi mzere wakunja chifukwa ndi umene sipanala inkafikapo mosavuta. Nati yoyamba inalira, n'kugwera m'chitini. Yachiwiri. Ine ndinaimirira, n'kunena kuti dzuwa likundiwotcha, ndipo ndinapita kukaima kuseri kwa mgolo wa madzi umene unali pafupi ndi khoma, buku ndili nalo pachifuwa.

Kwa zaka zambiri ndinkadziuza kuti ndinkangofuna tayala liphulike, munthu uja adzidzimuke, agwe chagada m'fumbi, anthu a ku Biwi amuseke monga anasekera Adada. Limenelo ndi bodza la mwana. Kabokosi kaja ndinali nditakawerenga kawiri, ndipo mawu akuti kupha ndinali nditawamasulira ndekha. Ndinali ndi nthawi yokwanira manati asanu ndi awiri kuti nditsegule pakamwa. Ndinawawerenga akugwera m'chitini, mtima uli gwa.

Phokoso lake silinali ngati la tayala lophulika pamsewu. Linandimenya m'mimba. Chidutswa cha limu chinauluka n'kukaboola lata la mpanda, fumbi linati kobo, ndipo makutu anga anangoti ziii. Fumbilo litatsika ndinaona a Zakeyu ali pansi, chammbali, akuyang'ana dzanja lawo lamanja ngati la munthu wina. Sankalira. Magazi ankatsikira m'chigongono, n'kumadontha pa ovolosi. Ndikanena kuti ndinamva chisoni pomwepo ndinama. Choyamba chimene mtima wanga unanena chinali chakuti eya, wagwa. Mantha anabwera pambuyo, anthu atayamba kuthamanga ndi kukuwa, wina akumanga dzanja lija ndi malaya.

Anataya zala zitatu, ndipo phewa linathyoka. Madokotala anati chitsulocho chikanadutsa pang'ono chabe kumanzere, bwenzi tikunena za maliro.

Mawa lake Adada ananditenga kukawaona kuchipatala. Tinawapeza atatsamira pilo, nkhope itatupa, dzanja lili m'mabandeji. Akazi awo anali atakhala pansi pa simenti, mwana wakhanda ali kumsana. A Zakeyu atandiona anayesa kumwetulira.

"A Msiska, mwana wanuyu Mulungu amamukonda. Anali atangochoka kumene kupita kuseri kwa mgolo. Akanakhala pa chigubu paja, sindikudziwa ndikanakuuzani chiyani."

Adada anatembenuka, n'kundiyang'ana nthawi yaitali, kenako anauza wodwalayo kuti Mulungu ndi wamkulu, n'kupemphera nawo. Tinakwera minibasi kubwerera kwathu.

Titafika kunyumba Amama anali kumsika. Adada anatenga buku, anatsegula tsamba lija, n'kuliika patebulo.

"Werenga."

Ndinawerenga zonse, ndi kabokosi komwe.

"Dzulo unawerenga chonchi?"

Ukali unandibwerera, chifukwa ndinali mwana wouma mutu, ndipo ndinati munthu uja anaba pampu, anatisandutsa choseketsa Kawale yense, ndipo iwo Adada anangovula chipewa. Ndinkayembekeza lamba. Ndinkalifuna ndithu, kuti nkhani ithere pamenepo.

"Anatukwana ine," anatero. "Unandifunsa ngati ndikufuna zala zake?"

Anatseka buku. Ananenanso chinthu chimodzi chokha, chakuti anandituma ndi iwo, choncho mlanduwo walowa m'nyumba mwawo, koma kuwauza a Zakeyu kapena kusawauza zili kwa ine.

Lolemba lotsatira Adada anavala ovolosi m'mamawa, n'kuyenda wapansi kupita ku Biwi. Pa galaja paja panali magalimoto a anthu ali chimasulire, antchito awiri anali atathawa kale, ndipo kunyumba kwa a Zakeyu kunali ana asanu ndi mmodzi. Adada anakhala manja a munthu amene anawabera. A Zakeyu atatuluka m'chipatala ankakhala pa chigubu chomwe chija, dzanja lili pakhosi, akulozera ndi chibwano, Adada akumasula ndi kumanga. Ndalama ikalowa inkapita kwa akazi a a Zakeyu, Adada n'kumangotengako ya ndiwo.

Alimi a ku Mitundu anabwera kawiri. Ulendo woyamba Adada anawapempha kuti adikire sabata. Ulendo wachiwiri anawauza kuti apeze lole ina. Ndinali pazenera, ndinawaona akuyang'ana lole yathu ili yotsukidwa bwino, matanki ali ndi dizilo, akupukusa mitu pochoka. Amama anakalipa masiku ambiri. Ankati Chikhristu chotere ndi matenda, ankati ana awo adya chiyani, ankafunsa ngati a Zakeyu anawadyetsa mankhwala. Adada sanawauze chifukwa chake, ndipo ine ndinkakhala pomwepo ndikusankha nyemba, mutu uli pansi.

Anakhala ku Biwi mpaka Ogasiti, msika wa fodya ukutsekedwa. Lole ya asilikali imamwa dizilo kwambiri, ndipo timaulendo ta mchenga ndi nkhuni ta m'tauni sitinkabweza kanthu. Alimi aja anali atazolowerana ndi amene anawanyamulira. Chaka chotsatira Adada anaigulitsa kwa munthu wina woumba njerwa ku Chigwirizano, pamodzi ndi buku lija, atapaka okha penti yofiira pa manati onse akunja. Anakayamba kuyendetsa minibasi ya mwini wake, ndipo anayendetsa za eni ake mpaka maso anawafooka. Makina a Amama sanabwerere.

A Zakeyu sindinawauze. Ndinkati ndiwauza ndikamaliza sukulu, kenako ndikayamba ntchito, kenako zinangokhala. Ndipo ndisaname kuti ndinawakhululukira. Pampu sanabweze, pepani sananene ngakhale kamodzi, ndipo mpaka lero ndikadutsa ku Biwi malovu amandiwawa m'kamwa. Koma pa ukwati wanga anabwera atavala suti, anandigwira dzanja ndi chala chachikulu ndi chamkombaphala, zokhazo zimene zinatsala, n'kuuza abale a mwamuna wanga kuti uyu ndi mwana wakuthwa mutu, anandiwerengerapo buku la Chizungu ali wamng'ono. Adada anali ataima pambali panga. Anayang'ana pansi, ine ndinamwetulira chifukwa kamera inali patsogolo pathu.

Onse awiri anatisiya tsopano. Zaka zimene ndili nazo zaposa zimene Adada anali nazo nthawi imeneyo, ndipo ndi pano pamene ndikumvetsa chimene anaona m'chipatala muja. Munthu akakupatsa pepala kuti umuwerengere, amakhala wakupatsa thupi lake kuti ulisunge, kaya ndi wakuba kaya ndi woyera mtima, ndipo Adada ndi amene anandipereka kwa munthu ameneyo ndi mawu awo. Ine ndinkati ndikubwezera bambo anga. Zala anataya ndi a Zakeyu, n'zoona. Koma a Zakeyu anangoba pampu, ndipo pampu tinapeza ina. Lole anawalanda Adada ndine.